Mgodi wa yureniyamu ukatsekedwa, amatsala ndi zoipa zake ndani? Mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsiwa akukhudza ntchito imene siikambidwa pa tsiku lodula riboni: kugwetsa fakitale, kukwirira matope otsalira, kuyeretsa madzi ndi kulondera malowo eni mgodi atapita. Chitsanzo chathu chachikulu ndi Kayelekera ku Karonga, poti ndi mgodi wokhawo wa yureniyamu umene wagwirapo ntchito m'dziko muno. Koma popeza Kayelekera sanatsekedwepo kotheratu, tisuzumiranso kumaiko kumene ntchitoyi anaiyesa kale, ena n'kuitha, ena n'kuwakanika.

Mgodi wangotsegulidwanso kumene. Bwanji mukukamba zotseka?

Chifukwa mmene malowo adzakhalire pa mapeto zikukonzeka lero. Pamene akutaya matope chaka chino ndi pamene adzakhale mpaka kalekale, ndipo ndalama zodzakonzera malowo zimapezeka mgodi ukamagulitsa, osati ukaima.

Mbiri ya Kayelekera yeniyo ikuchitira umboni kuti zinthu sizichedwa kusintha. Mgodiwu uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 52 kumadzulo kwa tauni ya Karonga. Kampani ya ku Australia ya Paladin inasainirana mgwirizano ndi boma mu 2007, ndipo Pulezidenti Bingu wa Mutharika anautsegulira mu Epulo 2009. Mu Malichi 2011 kunachitika ngozi pa malo opangira magetsi a nyukiliya (ogwiritsa ntchito yureniyamu) ku Fukushima ku Japan, mtengo wa yureniyamu unalowa pansi, ndipo pofika 2014 ntchito yokumba inaima. Mu 2020 mgodi unagulitsidwa kwa Lotus Resources, kampani inanso ya ku Australia, imene inayambiranso kutulutsa yureniyamu mu Ogasiti 2025 ndipo ikuti ikumba kwa zaka pafupifupi 10. Mwana amene wayamba Sitandade 1 chaka chino adzakhala asanalembe mayeso a Fomu 4 nkhani yotseka ikamadzafika pakhomo.

Kodi mu 2014 muja sanatseke kale?

Ayi, anangougoneka. Makina anazimitsidwa, antchito ambiri anachotsedwa, koma fakitale inasiyidwa chiimire, dzenje lili yasa, damu la matope losakwirira, ndipo kagulu ka antchito kanatsala kuti kazisamala malowo podikira kuti mtengo ukwere. Kutseka kwenikweni n'kwina: fakitale imaphwasulidwa, chitsulo chilichonse chimayezedwa, dothi loipitsidwa limapalidwa n'kukakwiriridwa, ndipo pomaliza bungwe loyang'anira limalemba kuti kampani yamasulidwa ku chiphaso chake.

Apa pali msampha umene oyang'anira ayenera kuudziwa. Kugoneka mgodi n'kotchipa kuposa kuutseka, choncho kampani ikhoza kumangoti "tikudikira msika" kwa zaka zambirimbiri. Ku Kayelekera kudikirako kunatenga zaka 11, ndipo mwamwayi mgodi unadzukadi. Ukanapanda kudzuka, panafunika wina wokhala ndi mphamvu yonena kuti basi, yambani kukwirira.

Yureniyamu amapita naye kunja. Ndiye choopsa chotsala n'chiyani?

Ili ndiye funso lenileni. Mwala wa ku Kayelekera uli ndi yureniyamu wochepa zedi, pafupifupi kilogalamu imodzi pa tani. Amaupera kukhala ufa, n'kuusungunula ndi asidi wa sulphuric, n'kutsopa yureniyamuyo, kumuumitsa ndi kumuika m'migolo. Zili ngati kukonola chimanga, kungoti kuno mphale ndi kachikho kamodzi, gaga n'kudzaza lole, ndipo mphamvu yoopsa yambiri imatsalira m'gagamo. Kuyambira 2009 mpaka 2014 mgodiwu unatulutsa matani pafupifupi 5,000 a yureniyamu woyengedwa, kutanthauza kuti matope otsalira alipo matani mamiliyoni angapo.

M'mwala wa yureniyamu muli zinthu zina zimene zimabadwa yureniyamuyo akamasweka pang'onopang'ono, ndipo fakitale siizichotsa. Pafupifupi 85 peresenti ya radiyeshoni (mphamvu yoopsa ija, yosaoneka ndi maso) imene inali m'mwala imatsala m'matope. Muli thorium-230, amene mphamvu yake imatsika ndi theka pakapita zaka pafupifupi 75,000. Muli radium-226, amene amafuna zaka 1,600 kuti atsike ndi theka. Radium ameneyu amatulutsa mpweya wa radon, wosaoneka komanso wosanunkha. Radon payekha sakhalitsa, pa masiku osakwana 4 amakhala watsika ndi theka, koma radium amangotulutsabe wina tsiku ndi tsiku. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limaika radon m'gulu la zinthu zikuluzikulu zoyambitsa khansa ya m'mapapo, kumbuyo kwa fodya.

Zinthu zonsezi zinali pansi kuyambira kale, zotsekeredwa m'mwala. Kusiyana kwake n'koti tsopano zili pamtunda, zoperedwa, zosakanizika ndi asidi. Mphepo ikhoza kuziulutsa ngati fumbi, mvula ikhoza kuzitengera kumtsinje, madzi akhoza kulowa nazo pansi mpaka kukafika m'mijigo. Ndipo yureniyamu wotsalira m'madzi akumwa amaopsa kwambiri ngati chiphe cha impso kusiyana ndi radiyeshoni yake.

Nanga matopewo amawatani?

Njira zazikulu ndi ziwiri: kuwakwirira pomwe ali, kapena kuwabwezera m'dzenje la mgodi. Kukwirira si kungothira dothi ndi thalakitala. Choyamba amachotsa madzi a pamwamba n'kudikira kuti matope aume ndi kukhazikika, apo ayi makina amatitimira. Kenako amayala dothi lamakande lotsenderedwa bwino, lonyowa pang'ono, loti litseke radon ndi kuletsa mvula kulowa. Pamwamba pake amayala mchenga kapena timiyala toti madzi aziyenderera cham'mbali, kenako miyala ikuluikulu yoteteza kukokoloka, kapena dothi lachonde lodzalapo udzu. Mitengo ya mizu yozama siifunika pamenepo, chifukwa mizu imaboola makande. Kuno kwathu wokonza pulani ayenera kuganiziranso chiswe, ming'alu ya m'chilimwe ndi mvula ya ku Karonga imene imatha kugwa ngati yatumidwa.

Woyang'anira wabwino sadikira kuti aone udzu wobiriwira pa mapeto. Amafika pamene makande akuyalidwa, amayeza kuchindikala kwake ndi mmene atsenderedwera, chifukwa miyala ikangoikidwa pamwamba palibenso amene angaone zimene zili pansi.

Maiko ena analemba m'malamulo nthawi imene chivundikirocho chiyenera kupirira. Ku America, pansi pa lamulo la 1978 loona za matope a yureniyamu, akuti zaka 1,000 ngati n'kotheka, ndipo zisachepere 200. Pa mgodi wa Ranger ku Australia lamulo likuti matope abwezeredwe m'maenje ndipo asakhudze chilengedwe kwa zaka 10,000.

Kuno ku Malawi woyang'anira ndani?

Alipo angapo, ndipo aliyense ali ndi mbali yake. Za radiyeshoni zili m'manja mwa Atomic Energy Regulatory Authority, AERA, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la Atomic Energy Act la 2011. Za chilengedwe, kuphatikizapo kuvomereza malipoti a mmene ntchito ikhudzire malo ndi anthu, zili ndi Malawi Environment Protection Authority, MEPA, pansi pa lamulo la 2017. Ziphaso za migodi zimayendera lamulo la Mines and Minerals Act la 2023, limene linabweretsa bungwe la Mining and Minerals Regulatory Authority. Chilolezo chotaira madzi mumtsinje chimachokera ku National Water Resources Authority, pansi pa lamulo la madzi la 2013.

Yang'anani zakazo. Onsewa anabadwa mgodi utatsegulidwa kale. Pamene Kayelekera ankayamba mu 2009, dziko linalibe lamulo la radiyeshoni, ndipo migodi inkayendera lamulo la 1981. N'chimodzi mwa zifukwa zimene mabungwe omwe si aboma anatengera nkhaniyi kukhoti mu 2007, isanathere pa kukambirana. Lero malamulo alipo, ndipo chimenecho n'chitukuko chenicheni. Chodetsa nkhawa n'choti mabungwe anayi akagawana malo amodzi, pamakhala mipata. Madzi otuluka pansi pa damu la matope ndi nkhani ya radiyeshoni, ya chilengedwe, ya mgodi komanso ya madzi nthawi imodzi. Ngati sanagwirizane poyera kuti womaliza kusaina ndani, aliyense adzaloza mnzake.

Bungwe la maiko onse loona za mphamvu ya nyukiliya la IAEA, limene Malawi analowamo mu 2006, limalemba miyezo, limaphunzitsa akatswiri ndi kutumiza alangizi likapemphedwa. Silingalamule kampani kukwirira matope. Mphamvu imeneyo ndi ya boma lathu lokha.

Boma lili ndi gawo mumgodiwu. Lingadziyang'anire lokha?

Boma lili ndi 15 peresenti ya Kayelekera ndipo limatolerako msonkho, choncho funsoli ndi lomveka. Yankho la miyezo ya IAEA ndi loti bungwe loyang'anira likhale loima palokha, losiyana ndi amene ntchito yawo ndi kukopa ndi kulimbikitsa migodi. Kuima palokha kumaoneka m'zinthu zazing'ono: galimoto yakeyake ndi mafuta ochokera ku Lilongwe kukafika ku Karonga, zida zoyezera zakezake, labotale imene si ya kampani, ndi ufulu wofika pa geti osapangana tsiku. Woyendera amene wanyamulidwa ndi galimoto ya mgodi n'kudyetsedwa nkhomaliro ya mgodi akhoza kukhala munthu wachilungamo, koma lipoti lake anthu a kumudzi salikhulupirira.

Ndalama zokonzera zichokera kuti?

Mfundo yake ndi yoti woipitsa ndiye alipire. Kuti mfundoyo isakhale ya pakamwa chabe, kampani imaika ndalama za chikole, zoti boma lidzatenge ngati iyo yalephera kapena yathawa. Pa Kayelekera chikole chimene chinaikidwa nthawi ya Paladin chinali madola 10 miliyoni a ku America, ndipo Lotus inachitenga pogula mgodi.

Kodi n'zokwanira? Taonani zimene zinachitikira ena. Ku Moab, m'chigawo cha Utah ku America, kampani ya Atlas inagwa mu 1998 n'kusiya matani 16 miliyoni a matope m'mphepete mwa mtsinje wa Colorado. Chikole chake chinali madola mamiliyoni owerengeka. Boma linatenga malowo, ndipo mu 2009 linayamba kututa matopewo pa sitima kupita nawo ku Crescent Junction, makilomita pafupifupi 50, pa mtengo wa madola mamiliyoni mazanamazana ochokera m'misonkho. Ku Ranger, kumene anasiya kuyenga mu Januwale 2021, kampani ya ERA, mwini mgodiwo, inkayerekeza kuti kukonza kudya ndalama zosakwana 1 biliyoni ya madola a ku Australia. Patangopita zaka zochepa chiwerengerocho chinadutsa 2 biliyoni, ndipo tsiku lomalizira la Januwale 2026 linapezeka losatheka. ERA inapulumukira poti kumbuyo kwake kuli Rio Tinto, kampani ya matumba akuya.

Kayelekera ndi wamng'ono poyerekeza ndi malo amenewa, choncho si bwino kungotenga ziwerengero zawo n'kuzimata pano. Phunziro lake ndi lina: mtengo wotsekera umakonda kukwera kuposa mmene unalembedwera poyamba. Chikole chabwino chimawerengedwa potengera zimene boma lingalipire kontrakitala wina kuti agwire ntchito yonse, chimaunikidwanso zaka zingapo zilizonse pamene matope akuchuluka, ndipo chimakhala m'ndalama yosagwa mphamvu. Amene anaona kwacha ikugwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu Novembala 2023 safunika kumufotokozera mfundo yomalizayi. Kwa ine, pa nkhani yonse yotseka mgodi, funso la chikole ndi limene aphungu athu ayenera kulikakamira kuposa ena onse.

Madzi a mu Sere ndi North Rukuru ali pa chiopsezo?

Madzi ochokera kudera la mgodi amatsikira mu Sere, Sere amathira mu North Rukuru, ndipo North Rukuru amakathira m'nyanja ya Malawi pafupi ndi tauni ya Karonga. Nkhaniyi inavuta kumapeto kwa 2014 ndi mu 2015. Mgodi utaima, madzi amvula amene kale ankagwiritsidwa ntchito m'fakitale anayamba kudzadza maiwe, ndipo kampani inapempha chilolezo choti iziwayeretsa n'kuwataira mumtsinje. Mu Januwale 2015 mvula yamkuntho inaononganso thanki yosunga madzi oyenderera pafakitale. Kampani inati otayika kunja anali ochepa kwambiri ndipo madzi oyeretsedwa ankakwanira miyezo. Mabungwe ndi anthu ambiri a ku Karonga sanakhutire. Labotale ya ku France ya CRIIRAD inabwerako kudzayeza payokha ndipo inadandaula kuti zotsatira za kampani sizinkaperekedwa poyera mokwanira.

Mkangano wotere umatha ndi manambala oti aliyense awaone. WHO imati yureniyamu m'madzi akumwa asapitirire ma microgram 30 pa lita (microgram ndi gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu). Kuyeza koyenera kumachitika kumtunda kwa mgodi ndi kumunsi kwake, m'dzinja ndi m'chilimwe, komanso m'zitsime zoyezera zokumbidwa mozungulira damu. Woyeza amayamba wapopa madzi ogona m'chitsime, kenako n'kutunga atsopano, kuwasefa, kudonthezamo asidi pang'ono kuti zitsulo zisamatirire kubotolo, kulemba tsiku ndi malo, n'kumata. Botolo limodzi lipite ku labotale ya kampani, lina kwa woyang'anira. Kuyeza kumtunda n'kofunika chifukwa miyala ya kuderali ili ndi yureniyamu mwachibadwa, ndipo popanda poyerekezera kampani idzati "zinalipo kale", anthu adzati "mwabweretsa ndinu", osapezeka wolondola.

Mgodi ukadzatsekedwa nkhani ya madzi siidzatha tsiku lomwelo. Kwina kuyeretsa madzi kumapitirira zaka makumi angapo fakitale itagwetsedwa.

Bwanji kutachita chivomezi?

Karonga ali m'chigwa cha Rift Valley, ndipo anthu akumeneko sanaiwale Disembala 2009, pamene zivomezi zotsatizana, chachikulu cha mphamvu pafupifupi 6, zinagwetsa nyumba zambiri. Khoma la damu ndi chivundikiro chake ziyenera kuwerengeredwa chivomezi chachikulu chimene chingachitike pa zaka mazana ambiri. Zimene damu lophulika limachita zinaoneka ku Church Rock, New Mexico, ku America, pa 16 Julayi 1979, ngakhale kumeneko sikunali chivomezi koma khoma long'aluka: malita oposa 350 miliyoni a madzi a asidi ndi matani oposa 1,000 a matope analowa mumtsinje wa Puerco, umene anthu a mtundu wa Navajo ankamwetsamo ziweto.

Akamagwetsa fakitale, tingatengeko malata, mapaipi kapena miyala yomangira?

Musatenge chilichonse chimene sichinayezedwe ndi kulembedwa kuti ndi chabwino. Mkati mwa mapaipi ndi mathanki mumamatirira chikhungu cha radium chimene maso sangachizindikire. Paipi yotere ikasanduka mbaula kapena mphika, ndiye kuti mwabweretsa mgodi m'khitchini. Ku Arlit ndi Akokan ku Niger, ofufuza anapeza zitsulo zoipitsidwa zikugulitsidwa pamsika ndi miyala ya mgodi itathiridwa m'misewu. Ku Mounana ku Gabon, kumene mgodi unatsekedwa mu 1999, nyumba zoposa 100 zinayenera kumangidwanso poti zinamangidwa ndi zotsalira za mgodi. Ku Grand Junction ku Colorado, ku America, anthu ankatenga matope ouma ngati mchenga waulere, ndipo pambuyo pake boma linakonza malo oposa 4,000. Panja radon amamwazika ndi mphepo, koma m'nyumba yotseka mawindo usiku amaunjikana.

Choncho pa geti payenera kukhala woyeza, kaundula wa katundu yense wotuluka, ndi woyang'anira amene amatsegula kaundulayo.

Adzadziwa bwanji kuti malo ayera?

Muyezo wa maiko onse ndi woti munthu wamba asalandire radiyeshoni yoposa millisievert imodzi (muyeso wa radiyeshoni imene thupi lalandira) pa chaka kuchokera ku ntchito ngati imeneyi, kuwonjezera pa ya chilengedwe, imene pa avereji ya dziko lonse lapansi ndi pafupifupi 2.4. Wantchito malire ake ndi 20 pa chaka, pa avereji ya zaka 5, ndipo n'chifukwa chake amavala kabaji koyezera pachifuwa. Akatswiri amawerengera njira zonse: mpweya, fumbi, madzi, nsomba, chinangwa, mpunga, mkaka. Kuwerengako kuyenera kutengera moyo weniweni wa anthu a kumeneko, amene amamwa mumtsinje ndi kudya za m'munda mwawo, osati wa munthu wa m'buku amene amagula zonse m'sitolo.

Ndiye tidzalimapo?

Mbali zina inde, zikayezedwa. Pamwamba pa matope ayi, ngakhale kumanga kapena kukumba chitsime.

Kuli kumene zinatheka?

Ku Germany. Kampani ya Wismut inakumba matani oposa 200,000 a yureniyamu ku Saxony ndi Thuringia kuyambira 1946 mpaka 1990, kutumiza ku Soviet Union, n'kusiya mapiri a zotsalira pafupi ndi midzi. Kuyambira 1991 boma la Germany lakhala likukonza, ndipo lawononga ma euro oposa 6 biliyoni. Dzenje lalikulu la ku Ronneburg analikwirira ndi milu ya miyala yomwe ija, moti mu 2007 kuderalo kunachitikira chionetsero cha maluwa cha dziko lonse la Germany. Koma onani amene analipira: boma lolemera, kwa zaka zoposa 30, ndipo madzi akuyeretsedwabe mpaka lero. Malawi alibe thumba lotero.

Kampani ikamasulidwa n'kupita, adzalondera ndani?

Pomaliza penipeni malo otere amabwerera ku boma. Ku America matope okwiriridwa amaperekedwa ku nthambi ya boma yoona za mphamvu, imene imawayendera chaka ndi chaka, ndipo kampani imasiya ndalama za ntchito imeneyo. Kuyenderako ndi ntchito wamba: kuona ngati pachita ngalande, kuzula mitengo yomera pachivundikiro, kukonza mpanda, kutunga madzi m'zitsime zoyezera, kusunga mapu osonyeza chimene chinakwiriridwa pati.

Kumene kulibe wolondera zimachitika ndi za ku Shinkolobwe ku DRC, mgodi umene unapereka yureniyamu wa mabomba oyamba a nyukiliya a America. Unatsekedwa mu 1960, khomo lake n'kuthiridwa konkire. Patapita zaka anthu osauka analowamo kukakumba cobalt ndi manja, ndipo mu Julayi 2004 mbali ina inagumuka n'kupha anthu, boma litaletsa kale kukumbako chaka chomwecho. Konkire ndi chikwangwani sizingaletse munthu wanjala. Masiku ano, mmene achinyamata akukhamukira kulikonse kumene kwamveka golide, pulani yotseka Kayelekera imene sikunenapo za okumba mwachisawawa ndi yoperewera.

Ine munthu wamba ndingafunse chiyani, ndipo kuti?

Lamulo la Access to Information linayamba kugwira ntchito mu Sepitembala 2020, ndipo limakupatsani ufulu wopempha zikalata ku mabungwe a boma. Lembani kalata, sungani kope lake lodindidwa. Mukhoza kuyambira kwa mkulu woona za chilengedwe ku khonsolo ya Karonga, kapena kulembera AERA ndi MEPA mwachindunji. Mafumu, makomiti a chitukuko a m'madera ndi phungu wanu akhozanso kufunsa m'malo mwa gulu, ndipo kalata ya gulu siisowa msanga ngati ya munthu mmodzi.

Pemphani pulani yotsekera mgodi imene ikugwira ntchito panopa, ndi tsiku limene inaunikidwa komaliza. Funsani kuti mtengo wotsekera anauwerengera zingati, anawerengera ndani, ndipo chikole chimene chilipo chikukwanira gawo lanji la mtengowo. Pemphani zotsatira za madzi a mu Sere, kumtunda ndi kumunsi, za miyezi yamvula ndi yachilimwe, zoyeza woyang'anira mwini. Amene munagwirako ntchito, kaya nthawi ya Paladin kaya panopa, pemphani kaundula wa zimene kabaji kanu kanawerenga ndipo mumusunge bwino, chifukwa matenda a m'mapapo obwera ndi radon amatha kuonekera patapita zaka 10, 20 kapena kuposerapo. Ndipo pa misonkhano yokambirana, umirirani kuti zotsatira zifotokozedwe m'Kyangonde ndi m'Chitumbuka, manambala ake atamatidwa pa bolodi kusukulu kapena kuchipatala cha m'deralo, pamene munthu angabwerere mawa lake kudzawawerenganso.